Madegi Asanu a Mlamu Wanga

Mlamu wanga Nazakat ali ndi vuto limodzi lokha: pakamwa pake sipatuluka mawu akuti ayi. Zina zonse Mulungu anamupatsa. Ndi chimunthu chachitali cha mapewa ngati chitseko, sasuta, satchova juga, ndipo mlongo wanga Sughran sanabwerepo kwathu akulira chifukwa cha dzanja lake. Koma vuto limodzi lomwelo landikalambitsa ine, munthu woti si ine ndinakwatiwa naye.

Bambo ake anali ometa tsitsi kuno ku Shujabad, ndipo monga ometa onse a nthawi imeneyo, pakakhala ukwati ankaika lumo pansi n'kutenga chipande. Nazakat lumo linamukana, chipande n'kumukonda. Akadali mnyamata analowa ntchito kwa a Haji Rab Nawaz, amene ali ndi malo ophikira zakudya za maukwati kuseri kwa msika wa tirigu, ndipo anakhala kumeneko zaka zoposa makumi awiri. Ubweya wa m'mikono mwake unapserera kalekale, sunamerenso. Mchere salawa, amangonunkhiza nthunzi. Akatsegula degi, mphika uja waukulu wa khosi lopanikiza woti mwana atha kubisalamo, mpunga umatuluka njere iliyonse payokha, nyama ikuchoka yokha ku fupa. Anthu ankanyambita zala n'kumati a Haji amadziwa kuphika. A Haji, amene chibwerere ku Makka sanagwirepo chipande, ankangokhala pampando, mikanda ya mapemphero dzanja ili, foni dzanja linalo.

Ine ndine Khadim. Ndili ndi njinga yamoto ya matayala atatu yokhala ndi ngolo kumbuyo, ndipo ntchito yanga n'kunyamula madegi kuchokera kumene aphikidwa kupita kumene akadyedwe. Munthu wa ntchito yotere amaona zambiri. Amaona amene wakhetsa thukuta, amaonanso amene akupatsidwa moni wa manja awiri. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Alamu, inu mudzafera pa degi la mwini," ndinamuuza. "Tsiku lokuikani a Haji adzati anali ndi mnyamata wabwino, kenako adzafunsa ngati munabweza chipande chawo."

Anangoseka. Koma mawuwo anamulowa, chifukwa patatha mwezi anandipempha kuti ndimuperekeze ku Multan, kumsika wa osula mkuwa. Sughran anali atavula zibangili zake zagolide kuti zigulitsidwe. Tinabwerako ndi degi limodzi logwirapo kale ntchito, lamkuwa weniweni, lolemera moti tinalikweza anthu atatu. Njira yonse anakhala m'ngolo atalikumbatira, kuopa mabampu.

Anthu amayesa ntchito imeneyi ndi mphika ndi chipande basi. Degi palokha ndi chitsulo chabe. Limafuna chivindikiro chogona bwino pakamwa pake, apo ayi nthunzi ithawa ndipo mpunga wapamwamba ukhala wosapsa. Limafuna mbaula ya miyendo itatu yoti isagwedere, ndi botolo lake la gasi, ndi paipi yosadontha. Kenako chipande chachitali ngati fosholo, china chabowobowo chovuulira mpunga, mabeseni ouviikamo, chipika chodulirapo nyama. Ukagula zimenezo n'kuyesa wamaliza, umakumbukira kuti anthu sadyera m'manja: mbale, matambula, majagi, mathireyi. Ndiye pali zotengera zija zonyezimira zokhala ndi kamoto pansi, zimene masiku ano munthu akapanda kuziona patebulo amati ukwatiwo ndi wa amphawi, ngakhale chakudya chikome bwanji. Nazakat anatola zinthu zimenezi chimodzichimodzi ngati nkhuku, nyengo zozizira zitatu, uku akugwirabe ntchito kwa a Haji. Madegi anafika asanu. Ana ake anasamukira pakhonde kuti katundu agone m'chipinda.

Koma degi silibisika. Lija loyamba lisanathe sabata pakhomo, munthu wa mumsewu mwathu anagogoda. Mkazi wake anali atawinda kuti mwana akachira adzaphika mpunga wa osauka, ndiye ankapempha degi kwa tsiku limodzi. Nazakat anamupatsa, n'kumuthandizanso kunyamula. Pambuyo pake anabwera wina wa mdulidwe wa mwana, wina mwana wake wamaliza kuwerenga Korani, ena ophika phala la tirigu ndi nyama la mwezi wa Muharamu. Kwathu kuno degi lobwerekera za Mulungu silipiridwa, ndipo munthu amene angatchule za malipiro amakhala nkhani ya pamalo omwera tiyi mwezi wathunthu. Zimenezo ndimazidziwa, ndinabadwira konkuno. Chimene chinkandipweteka ndi mmene katunduyo ankabwerera. Tsiku limodzi linkasanduka sabata. Degi linkabwera litalowa pamimba ngati bulu waliponda, mkati atalikanda ndi mchenga mpaka mkuwa kuonekera, ndipo mlamu wanga ankapita nalo yekha kwa mmisiri kukalipakitsanso chitsulo choyera chophimba mkuwawo. Chivindikiro chinkabwera cha eni ake, chosakwana. Mbale zinkapita zambiri n'kubwera zochepa.

"Alamu, mwatsegula bizinesi kapena mzikiti?" ndinamufunsa.

"Ndi anansi athu, alamu."

"Anansi anu analipo pamene mlongo wanga ankavula zibangili?"

"Nanga munthu waima pakhomo, ndimuyang'ane kumaso n'kumuuza chiyani?"

"Mumuuze kuti ayi. Ndi mawu aafupi. Mwana wanu wamng'ono uja amawatchula tsiku lonse, akuphunzitseni."

Anangopukusa mutu n'kumapukuta degi lake.

Nyengo yozizira yachinayi itayandikira, anatsanzika kwa a Haji. Iwo sanakwiye. Anangosuntha mkanda umodzi n'kunena kuti, "Pita mwana wanga, ukaone ngati anthu amadya dzanja kapena amadya dzina." Ntchito zoyamba zinali zing'onozing'ono, degi limodzi apa, awiri apo, zongokwanira kugula gasi ndi ufa wa pakhomo. Eni minda ya mango, amene maukwati awo amadyetsa wophika chaka chathunthu, ankapitabe kwa a Haji.

Kenako kunabwera a Malik Sarfraz, ogulitsa feteleza ndi mbewu pamsewu waukulu. Ankakwatitsa mwana wawo wamkazi yekhayo. Abale awo onse anawauza kuti apite kwa a Haji, koma iwo anali ataonapo ndi maso awo amene ankaima pamoto kuseri kuja. Anakhala pamkeka pa mlamu wanga n'kumwa tiyi, kenako anati: "Nazakat, abale anga akuti ndapenga. Mphuno yanga ndaiika m'manja mwako. Usandidule."

Tonse tinamva tanthauzo lake. Pa ukwati umenewo padzakhala aliyense wa munda ndi sitolo m'tauni muno. Akadya bwino, dzina la Nazakat lidzayenda lokha. Zikalakwika, m'tauni yaing'ono ngati ino munthu sapatsidwa mwayi kawiri. Anagwirizana madegi atatu a biriyani, mpunga uja wophikira pamodzi ndi nyama, limodzi la nyama ya mbuzi ya msuzi, limodzi la mpunga wotsekemera wachikasu. Onse asanu, opanda lotsala.

Sabata ya ukwatiyo ndinasiya ntchito yanga n'kuyenda khomo ndi khomo kutolera katundu. Pena anandiuza kuti mbaula ili kwa mchimwene wawo kumudzi. Pena mayi wina anandilalatira kuti ndikumuyesa wakuba, uku matambula athu ali pashelefu kumbuyo kwake. Ndinatukwanidwa, nanenso ndinatukwana, koma pofika Lachisanu zonse zinali m'chipinda. Ndinagula loko watsopano, kiyi n'kumuika m'thumba mwanga. Loweruka Sughran ndi ana anasankha mpunga, ife tikudula anyezi mpaka maso kutupa. Mtima wanga unali m'malo.

Lamulungu m'mawa kunali chifunga choti sungaone nyumba ya tsidya la msewu. Ndinali nditakweza madegi atatu m'ngolo, ndikumanga chingwe, pamene chimkuzamawu cha pamzikiti chinatsokomola. Nthawi imeneyo si ya pemphero, choncho aliyense anaima. Mawu aja anati mayi Bakhtan atisiya, mapemphero a maliro achitika pambuyo pa pemphero la masana.

Mayi Bakhtan anali mzamba. Theka la anthu a mumsewu mwathu anatulukira m'manja mwawo, ana onse a Nazakat nawonso, ndipo pa mwana wachiwiri Sughran akanapita pakanapanda iwo. Maliro a munthu wotere sakhala a banja lokha, kumabwera anthu a m'midzi yonse yozungulira. Pakhomo pamene pagwa maliro sayatsa moto, amene amadyetsa anthu akabwera kumanda ndi anansi. Ndinayang'ana mlamu wanga, iye n'kuyang'ana pansi. Ndinadziwiratu.

Sipanapite nthawi, a Allah Wasaya anatulukira m'chifungamo atafunda bulangete. Amenewa ndi mkulu wa mumsewu mwathu, amene amayendetsa za maliro, munthu wa mawu ofewa woti sanagulepo ngakhale supuni yobwereketsa ena.

"Nazakat mwana wanga, wamva," anatero. "Tonse ndife a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera. Mpunga wapezeka, ophika alipo. Tikungofuna madegi atatu."

Ndinalowerera mlamu wanga asanatsegule pakamwa. "Amalume, lero n'zosatheka. Pali ukwati wa mwana wa a Malik. Madegi onse ali ndi ntchito."

"Sindikulankhula ndi woyendetsa njinga, ndikulankhula ndi mwini wake," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Ukwati umakonzedwa ndi anthu, imfa imakonzedwa ndi Mulungu. Tiwauze mayi Bakhtan adikire mawa?"

"Pitani kwa a Haji, ali ndi madegi ambirimbiri."

"Kwa a Haji n'kwamalonda. Tikagule chakudya cha maliro kumsika pamene mumsewu mwathu muli madegi? Anthu a kumidzi akatiseka. Maliro n'kulirana, Khadim. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Nthawi yonseyi Sughran anali kuseri kwa chitseko. Ndinamva akulira, ndipo sindinadziwe ngati akulirira mzamba wake kapena madegi. Ndinatembenukira kwa Nazakat. Ndinaona milomo yake ikuyesa, ndithu inayesa. Chimene chinatuluka ndi ichi:

"Atatu ayi, amalume. Tengani awiri."

A Wasaya anadandaula kuti awiri achepa, koma anavomera ngati akutichitira chifundo. Anyamata awo anatenga awiri aja anali asanakwezedwe, ndi mbaula ziwiri, pakuti degi silikhala pamwala, ndi mabotolo awiri a gasi, pakuti mbaula siyaka ndi mpweya wa m'kamwa. Potuluka wina ananyamulanso bokosi la mbale. Ine ndinali chiimire ndi kiyi wanga m'thumba ngati chitsiru.

"Alamu, mwadzipha," ndinatero.

"Ndiphika kawiri. Akuchimuna akamadya, ine ndikhala nditaikanso moto."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Biriyani si dzira loti mungokazinga."

"Thamangani kwa a Haji, mwina atibwereka."

Ndinakatula katundu kwa a Malik n'kuthamangira kuseri kwa msika wa tirigu. Linali Lamulungu la pakati pa nyengo ya maukwati, ndipo madegi a Haji anali pamzere, onse pamoto, kupatula awiri amene ndinawaona ndi maso angawa atavundikiridwa pakona. Ndinapereka moni mwaulemu n'kufotokoza.

"Bwana Nazakat akutuma kwa ine?" anatero a Haji mokweza, kuti antchito awo amve. "Mwini kampani? Ine ndimayesa ndibwere ndidzapemphe ntchito kwa iye."

"A Haji, ndi madegi awiri okha, madzulo ano abwera. Awo ali pakonawo."

"Amenewo ndi odwala, akupuma."

"Anakugwirirani ntchito zaka zonse zija."

"Ndipo ndinamuphunzitsa zonse kupatula chimodzi, chimene sanafune kuphunzira. Iwe unaonapo munthu wa mumsewu mwanga akutuluka ndi degi langa? Ukamuuze kuti ukwati wa a Malik unali wanga, anautenga, audye."

Ndinazungulira kwa ophika ena awiri, koma kumeneko kunalibedi kanthu, ngakhale chivindikiro. Ndinabwerera manja lende.

Kuseri kwa matenti ndinapeza mlamu wanga atavula malaya m'chisanu chonsecho. Anali ataphika kale mpunga wotsekemera n'kuutsanulira m'mathireyi, chifukwa umenewo suvuta ukazizira. Tsopano pamoto panali madegi awiri a biriyani ndi limodzi la nyama. Nyama ndi mpunga wa degi lachitatu la biriyani zinali pambali, zikudikira mphika.

"Phikani msanga awiriwa, titsanulire m'mabeseni, tifunditse mabulangete, muikenso lachitatu alendo asanafike," ndinamuuza.

"Biriyani yotsanulidwa ndi phala, alamu. Akuchimuna adye phala pa ukwati wa a Malik?"

"Ndiye pitani mukawauze a Malik panopa, nthawi ikadalipo. Atumize munthu ku Multan akagule chophikaphika."

"Ndiwauza."

A Malik anabwera kawiri kudzaona. Kawiri konse anafunsa ngati zonse zili bwino, ndipo kawiri konse mlamu wanga anati, "Mulungu akalola, zili bwino."  Ndikanalankhula, koma munthu sungachititse manyazi mwamuna wa mlongo wako pamaso pa amene wamulemba ntchito. Nazakat anamata zivindikiro ndi ufa wokanda, anaika makala pamwamba, n'kuchepetsa moto kuti mpunga upse ndi nthunzi yake.

Akuchimuna ankachokera kutali, kutsidya la mtsinje. Anati abwera ndi mabasi awiri. Anabwera ndi atatu, ena atakhala padenga. Zimenezi sizodabwitsa, akuchimuna onse amatero, ndipo n'chifukwa chake wophika wanzeru amakhala ndi degi lapadera. Ife lapadera tinalibe, ndipo awiri athu anali kumaliro.

Mwambo wa ukwati utatha, mawu anamveka m'tenti akuti chakudya chatsegulidwa. Amene sanaonepo anthu akwathu pa mphindi imeneyo sangamvetse. Amuna ovala zoyera, a ndevu zaulemu, amene posachedwapa amakambirana za mitengo ya thonje, anadzuka onse pamodzi, mipando ikugwa. Aliyense anaunjika mbale ngati akupita kundende. Ndinkathamanga ndi zotengera, kudzaza, kubwerera, kudzazanso. Ndinamva wina akufunsa mnzake, pakamwa pali podzaza, kuti wophika ameneyu ndi ndani. Mtima unandiwawa, chifukwa funso limenelo ndi limene tinalidikira zaka zonsezi.

Akuchikazi sadya mpaka alendo atakhuta, ndiwo mwambo. Amuna akuchimuna anadya, akazi awo anadya kutenti yawo, ena anabwereza, ena anakulunga nyama m'mikate n'kuika m'matumba. Pamene womaliza ankasamba m'manja, chipande chinali chikukanda pansi pa madegi onse atatu. Mpunga wotsekemera nawo unali utapita. Abale a mkwatibwi, amene anaimirira tsiku lonse kutumikira alendo, anakhala pansi n'kuyang'ana kumene kumachokera chakudya.

Nazakat anali atatsuka kale degi limodzi n'kuthiramo mafuta. Apa gasi nayenso anatiukira. Kukazizira botolo limachita chisanu kunja, moto n'kufooka ngati kandulo, ndipo mabotolo osinthira anali aja anapita. Ndinawiritsa madzi m'ketulo, ndinaimika botolo m'beseni, ndikuthira madzi otentha, ndikutukwana botolo, a Wasaya, a Haji ndi tsiku limene mlongo wanga anakwatiwa. Anyezi anatenga nthawi yawo kufiira. Nyama ya mbuzi simva kuti anthu akufulumira.

Woyamba kubwera kuseri anali a Jindwadda, amuna a azakhali a mkwatibwi. Banja lililonse lili ndi munthu wotere, amene amabwera pa ukwati kudzafuna chomukwiyitsa. Tsiku limenelo sanavutike kufufuza.

"Kodi achimwene, mpungawu mwaudzala kumene?" anafunsa. "Tiuzeni, tipite kunyumba, tidzabwere nthawi yokolola."

"Pang'ono pokha, bwana," anatero Nazakat.

"Pang'ono pokha! Mkazi wanga ali ndi matenda a shuga, wadya mbale yopanda kanthu. Ndinawauza a Sarfraz kuti ometa tsitsi azimeta tsitsi." Anatembenuka n'kukuwa kuti ana ake akwere galimoto. Anthu ena anawatsatira.

Pamene mlamu wanga ankamata chivindikiro, dzuwa linali litapendeka ndipo chifunga chinayamba kubwerera m'minda. Madalaivala a mabasi anayamba kuliza mahutala, pakuti msewu wa kumtsinje suyendeka chifunga chikatseka. Akuluakulu akuchimuna anati sangadikire, atenga mkwatibwi wawo. Tinamva akazi akuyamba kulira kutsogolo, kulira kuja kotsanzika mwana. Anamutulutsa Korani ili pamwamba pa mutu wake, n'kumukweza m'galimoto ya maluwa. Degi linali likadali lomata. Kulitsegula nthawi imeneyo kukanakhala kupatsa anthu mpunga wosapsa.

Mabasi atapita, a Malik anabwera kuseri okha. Ndinkayembekeza kuti akuwa, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Anaima n'kuwerenga madegi ndi maso.

"Ena awiri ali kuti?"

"Kumaliro a mayi Bakhtan, bwana."

"Unadziwa liti?"

"M'mawa."

"Ndinabwera kuno kawiri." Kenako anapitiriza: "Mwana wanga sanadye kanthu chidzukire. Amayi ake anamuuza kuti adikire alendo athe, adyere pamodzi ndi azakhali ake komaliza. Wakula pakhomo panga osagonapo ndi njala, lero wachoka pakhomo panga ndi njala. Kwa eni ake kumene akupitako akachita manyazi kupempha."

Nazakat anawerama kuti agwire mapazi awo. A Malik anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti asawakhudze, n'kuchoka.

Degi lija titalitsegula, fungo linadzaza bwalo lonse, koma m'tenti munali mutatsala anthu owerengeka ndi otola mipando. Ndinadya nditaimirira, ndi mkwiyo. Sindinadyepo biriyani yokoma chotero, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka koposa. Yotsala tinakaisiya kusukulu ya pamzikiti.

Mumsewu mwathu anthu ankayamikira kuti maliro a mayi Bakhtan anayenda bwino, palibe anabwerera ndi njala. Madegi awiri aja sanabwere tsiku limenelo, chifukwa panali mapemphero a tsiku lachitatu, ndipo nawonso amafuna mpunga. Anabwera Lachinayi, limodzi litapserera pansi. A Wasaya anasisita mlamu wanga pamsana n'kumuuza kuti kupatsa n'kuika. Ndinawafunsa kuti nanga kumene waikako akakatenge liti, iwo n'kunena kuti ine ndilibe chikhulupiriro.

M'tauni nkhani inayenda mwamtundu wina. Palibe ankatchula za maliro, palibe ankatchula za kukoma kwa mpunga. Ankangoti, "Nazakat uti? Uja anasamutsa mkwatibwi ndi njala?" Anthu awiri amene anali atalankhula naye za maukwati awo anatumiza uthenga kuti asintha maganizo. Nyengo yozizira inatha foni yake osalira. Mango atayamba kupsa, m'mawa wina anavala malaya ake akale n'kupita kuseri kwa msika wa tirigu. Sanandiuze zimene a Haji ananena, inenso sindinafunse. Mpaka lero ali komweko.

Katundu anatsala m'chipinda, ana akugonabe pakhonde. Ndinamuuza kuti agulitse, apezeko kenakake mkuwa usanathe ndi mchenga wa anthu obwereka. Ulendo uno anandimvera. Ndinapeza munthu wa ku Multan amene ankayamba ntchito yomweyi, anabwera Lachisanu masana, anagogoda madegi ndi chala, anayang'ana mbaula, ndipo anagwirizana. Ndinayamba kukweza m'ngolo. Ndinali nditakweza awiri pamene ndinaona a Wasaya akubwera kuchokera kumzikiti ndi akuluakulu ena atatu.

"Tamva zachilendo, Nazakat," anatero. "Akuti ukugulitsa madegi athu?"

"Athu?" ndinakuwa. "Amalume, mwati athu? Munagula liti? Chivindikiro chokha munagulapo?"

"Khadim, ulemu," anatero mmodzi wa akuluakuluwo.

A Wasaya anapitiriza ndi mawu awo ofewa aja. "Mumsewu muno muli okalamba ambiri, mwana wanga. Ine ndemwe ndatsala pang'ono. Madegi amenewa akapita ku Multan, tsiku langa anthu adzadyera m'chiyani? Ukanatifunsa kaye. Chinthu cha anthu onse sagulitsa munthu mmodzi."

Munthu wa ku Multan uja anayang'ana Nazakat. Sughran anaima pakhomo, nsalu ili kukamwa. Ine ndinagwira chingwe, ndikupemphera mumtima kuti kamodzi kokha, kamodzi m'moyo wake, mawu aja atuluke. Mlamu wanga anayang'ana madegi, anayang'ana akuluakulu aja, n'kupukuta manja m'malaya.

"Pepani achimwene, mwavutika ndi ulendo," anamuuza wa ku Multan. Kenako anatembenukira kwa ine. "Tsitsani, alamu."

Ndinatsitsa. Sabata yotsatira kunali mdulidwe kwa mdzukulu wa a Wasaya, anatenga atatu, ndipo anatuma mwana kudzandiuza kuti ndikawanyamulire.